Buku Losokedwa ndi Ulusi wa Ukonde

Ndikukumbukira phokoso la pepala likung'ambika pang'onopang'ono, ngati nsalu yotha. Ndinali ndi zaka khumi, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ya agogo ku Bangula. Mpaka lero, munthu akang'amba pepala pafupi nane, umayamba kumva ndi msana wanga, makutu pambuyo.

Chaka chimenecho Mayi Fulukiya, mphunzitsi wopuma pantchito, anatsegula laibulale ya ana m'shedi yakale yogulira thonje. Ana tinazira pansi ndi kumata ming'alu, iwo n'kupachika mashelefu m'mwamba kuopa madzi osefukira. Mabuku anali ochepa, opempha kwa anzawo a m'tauni, ndipo lililonse linkapita kunyumba litavekedwa jumbo ya shuga. Lamulo linali limodzi: wobweza buku long'ambika asadzabwerekenso. Kwa ine, mwana wamasiye wosakonda kulankhula, amene anzanga sankandisankha pa mpira, shedi ija inali malo okhawo pamene kukhala chete sikunali chilema.

Pakhomo pathu panali atsibweni a Jofesi, mlongo wa malemu mayi anga. Anali msodzi wa m'madambo a Nyachikadza, koma madzi anawatengera bwato ndi maukonde omwe, ndiye ankangosoka maukonde a eni, n'kumwera zomwe apeza.

Nditamva phokoso lija ndinathamangira kumaso. Ndinawapeza atsibweniwo atakhala pa mtondo wogwetsa, anzawo awiri ali pambali, buku langa la zithunzi za sitima zapamadzi lili pabondo. Tsamba limodzi linali kale pakamwa pawo, lodzaza chingambwe, likufuka.

"Atsibweni, bukulo si langa."

"Nanga ndamaliza? Taona kuchuluka kwake. Umadya mapepala iwe?"

Anang'amba lina. Ine amene ndinkatha tsiku osatulutsa mawu, tsiku limenelo pakamwa pananditsogolera.

"Mukung'amba chifukwa simudziwa kuwerenga."

Mnzawo mmodzi anaseka mpaka kutsokomola. "Jofesi, mwana wakuyesa mayeso, walephera."

Mbama yoyamba inandizunguza, khutu n'kuyamba kulira ngati nyenje. Ndinagwera pabuku n'kulifungatira pamimba. Iwo anatola chingwe cha ukonde, chija chokhala ndi mfundo, n'kuyamba kundikwapula kumsana, m'miyendo, m'khosi. Sankatukwana, ankangopumira m'mwamba. Anandikoka mwendo n'kundikhwekhwereza pafumbi lotentha, ine osalisiya. Atagwira chikuto n'kukoka, buku linamasuka, masamba n'kumwazika pabwalo ponse. Pamenepo ndinawaluma chala chachikulu mpaka ndinamva mchere m'kamwa. Anandigwira pakhosi n'kundimenyetsa mutu pa mtondo. Magazi anatsikira m'diso, ndipo anzawo aja ndinawaona mwa chimbuuzi akuchoka mwakachetechete, wina atatola tsamba n'kulipinda m'thumba.

Agogo anafika kuchokera kudimba, khasu lili paphewa. Atayesa kulowa pakati, atsibweni anawakankha n'kugwera pa nkhuni. Agogo anadzuka pang'onopang'ono, n'kutembenuza khasu, n'kuwamenya ndi mpini padzanja lomwe linagwira chingwe. Fupa linalira.

"Mwana wa mlongo wako, Jofesi. Malizitsa, tikamuike pambali pa amake."

Chingwe chinagwa. Atsibweni anakhala pansi, dzanja lili m'khwapa, akuyang'ana mapepala amene mphepo inkawakankhira ku khola la mbuzi.

Madzulo ake, akunditsuka mabala ndi madzi a mchere, agogo ananena mawu ochepa. "Mayi ako anafika Sitandade eyiti ndi ndalama za nkhafi ya Jofesi. Iye ndinamutulutsa m'kalasi ndekha, asanadziwe kulemba dzina lake."

Masiku otsatira sindinapite kushedi. Masamba aja sindinawaonenso pabwalo. Ndinkaganiza kuti mbuzi zadya. Ndinkazungulira njira ya kumsika kuti Mayi Fulukiya asandione, chifukwa ndinkadziwa kuti malo anga pamphasa ija atha.

Ndakula tsopano, ndipo makiyi a laibulale ija ndimasunga ndine. Chipsera cha pachipumi chilipo, ndipo sindinena kuti atsibweni anachita bwino. Anatsala pang'ono kundipha. Koma ndinamvetsa kuti buku likalowa m'nyumba, limapeza anthu amene anamanidwa kuti ena aphunzire, ndipo limawalasa osawakhudza. N'chifukwa chake pakhomo pa shedi ndinaikapo benchi ya akuluakulu. Buku lija nditalibweza, Mayi Fulukiya analilandira, analitembenuza kwa nthawi yaitali, n'kundibwereka lina osatchula lamulo. Likadali pa shelefu ya pamwamba, ndipo linabwerera kwa ine motere.

M'mawa wina ndikusesa, atsibweni anatuluka ndi kachikwama paphewa, dzanja lomangidwa ndi sanza. Anaima patsogolo panga, maso ali ku tsache.

"Awiri ndinasuta, limodzi anatenga mnzanga uja Antoniyo. Enawo ndi awa."

Anandipatsa jumbo ya shuga. M'kati munali buku lija, losokedwa ndi ulusi wa ukonde, mfundo zake zazing'ono ndi zolimba, zomangidwa ndi dzanja limodzi ndi mano. Nditatsegula ndinapeza masamba a zithunzi ali bwinobwino, sitima zonse zitayang'ana kumwamba. Koma masamba a mawu okhaokha, ambiri anali ozondoka.

Pamene ndinkadzutsa mutu, iwo anali atafika kale pa mlambe, akulowera njira ya kudooko.