Nkhope Yanga Pakhoma la Golosale ku Golomoti

Inu owerenga, ine ndinalola munthu kujambula nkhope yanga osamufunsa kuti akaiika pati. Zimene zinatsatira zinandipasulira banja, ndipo mng'ono wanga ali m'manda lero. Ndikuuzani mmene zinakhalira kuti wina asadzaone zimene ndinaona ine.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa mpunga wa ku Bwanje pamsika wa Golomoti. Edzi inali itafika povuta, maliro sabata ndi sabata, ndipo mankhwala otalikitsa moyo tinkangowamvera pawailesi. Ndinali pabanja ndi bambo wopala matabwa, tili ndi mwana mmodzi, Tadala. Pakhomo tinkakhalanso ndi mng'ono wanga Esinala, amene ankandithandiza kupeta mpunga.

Tsiku lina pamsika panafika anyamata a ku Lilongwe ojambula zithunzi pamakoma, atanyamula zitini za penti ndi makwerero. Mmodzi wa iwo, wa tsitsi lopota, anaima pamalo panga n'kundipempha kuti andijambule ndi pensulo. Anati akukongoletsa makoma ndi nkhope za amayi olimbikira ntchito. Anzanga ogulitsa tomato anayamba kundiseka kuti ndatola chibwenzi cha m'tauni, inenso ndinaseka, koma mumtima ndinakondwa. Palibe amene anali atandiuzapo kuti nkhope yanga ndi yoyenera kujambulidwa. Atamaliza anandionetsa. Ndinali ine ndithu, mpata wa mano ndi chipsera cha pachipumi zonse zilipo. Ndinamuthokoza, iye n'kumapita.

Sabata yomweyo ndinapita kumaliro a azakhali ku Mtakataka ndipo ndinakhalitsako. Pobwerera, nditangotsika minibasi, ndinaona anyamata a kabaza akukodolana. Nditacheuka ndinadziona. Pakhoma la golosale yaikulu yoyang'ana kumsewu panali nkhope yanga, yaitali kuposa chitseko, duku lofiira kumutu, ndikumwetulira. M'munsi mwake analemba zilembo zikuluzikulu: INE NDILI NAKO KACHILOMBO. NANGA INU MWAYEZETSA? Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi.

Kunyumba ndinapeza bambo a Tadala atakhala pakhonde, osagwira ntchito. Ndinafotokoza zonse, koma anangondifunsa kuti, "Pa amayi onse a pamsika paja, anasankhiranji iweyo?" Ndinawapempha kuti tipitire limodzi kuchipatala tikayezetse, anakana. Anati munthu sangalembedwe pakhoma popanda chimene akudziwa. Apongozi anga anabwera kudzatenga mbale zawo zimene tinabwereka, ndipo anazitsuka ndi phulusa ine ndikuona.

Pamsika mpunga wanga unaleka kuyenda. Amene ankagula kwa ine tsiku ndi tsiku ankandilambalala n'kukagula kwa mnzanga wapafupi, mpunga wochokera m'munda umodzimodzi. Tadala anayamba kukana sukulu chifukwa anzake ankamutcha mwana wa mayi wapakhoma. Ndinakadandaula kwa mwini golosale, iye anati khomalo analipereka kwa a bungwe amene anatuma ojambulawo, ndipo sangakhudze. Bungwelo sankalidziwa bwino dzina lake, ofesi yake inali kutauni.

Ndinapita ndekha kukayezetsa, ndipo anandipeza ndilibe kachilombo. Ndinabwerako ndikuganiza kuti nkhani yatha. Koma aliyense amene ndinamuuza ankangoti, "Chabwino, mayi," maso ali kumbali. Khoma linkaoneka kwa aliyense wodutsa pamsewu, mawu anga ankamva ndi anthu ochepa. Nditatopa ndinagula laimu n'kukapaka pankhopepo masanasana. Anthu anati taonani, akubisa. Mvula itagwa laimu uja anasuluka, nkhope inatulukanso yotuwa ngati ya munthu wodwaladi. Mwezi womwewo bambo a Tadala anasonkhanitsa zipangizo zawo n'kupita ku Salima. Sanabwerenso.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha Esinala. Iye anali atayamba kale kutsokomola ndi kuwonda, mwamuna amene anali naye pachibwenzi atamwalira chaka chapitacho. Ndinkamuchonderera kuti tipite kuchipatala, makamaka titamva kuti mankhwala aja ayamba kuperekedwa. Anandiyankha kuti, "Asisi, inu mulibe matendawa koma taonani zimene akukuchitani. Nanga ine akadzandiona pamzere kumeneko?" Anasankha kudwalira m'nyumba, akuuza anthu kuti ndi malungo. Pamene anavomera kuti timunyamule panjinga, anali atatheratu. Anamwalira patangopita masiku ochepa. Pamaliro ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti ndine ndinamupatsira.

Patapita zaka, mnyamata wa tsitsi lopota uja anabweranso ku Golomoti, atanenepa, akuyenda pagalimoto. Anandipeza pamsika n'kundipatsa moni mwansangala. Anandiuza kuti chithunzi cha khoma lija anachikulitsa n'kuchipachika m'nyumba yoonetsera zojambula ku Lilongwe, ndipo alendo akunja anachikonda kwambiri, ena ankafunsa ngati mayiyo akadali moyo. "Mwatchuka, mayi," anatero. Ndinamukhazika pathumba la mpunga n'kumufotokozera za mwamuna wanga, za Tadala ndi za Esinala. Kenako anati mawu aja sanasankhe ndi iye, anachita kupatsidwa, ndipo ankaganiza kuti aliyense adziwa kuti n'chithunzi chabe. Mwina kutauni amadziwa. Kuno tonse timadziwana, ndipo chipsera changa amachidziwa ndi ana omwe. Tsiku lomwelo anagula penti yabuluu n'kufafaniza khoma lonse ndi manja ake. Sindinamuthokoze, sindinamutukwanenso.

Inu owerenga, wina akadzakupemphani nkhope yanu, kaya ndi pensulo kaya ndi foni, musachite manyazi kufunsa kuti ikupita kuti, ndipo pambali pake alembapo chiyani. Akazengereza kuyankha, kanani. Inu ojambula, luso lanu ndi labwino, sindikulinyoza, koma inu mukamaliza mumakwera galimoto, mwini nkhope amatsala pomwepo ndi apongozi ake, makasitomala ake ndi ana ake. Ndipo ife otsala, tisamasale odwala. Esinala akanatha kumwa mankhwala ngati anzake amene ndimawaona mpaka lero akulima mpunga. Anaopa pakamwa pathu kuposa matenda, ndipo anafa ali mtsikana.