Nthabwala za Mbewa Sizinali Zanga

Ngati ukufuna ntchito yoseketsa anthu, mvera ine amene ndinalephera. Opambana sangakuuze kanthu, ali kalikiliki ku Lusaka.

Ndinasiya sukulu ndili giredi naini, nthawi ya chilala ija tinkadya ufa wachikasu. Ndinkakhala kwa mlongo wanga pa boma la Lundazi, kugona m'khitchini, masana kupopa matayala a njinga pafupi ndi msika. Anzanga a m'kalasi ankadutsa ndi yunifolomu, maso kumbali. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi, maikolofoni. Pa boma panali bambo wina wobwereketsa masipika pa maukwati, ndipo ankasaka munthu woseketsa alendo akwati akapita kukasintha zovala. Wosankhidwayo akanayenda naye mpaka ku Chipata. Ndinamulondalonda mpaka anatopa nane.

"Pa Chiwelu kuli ukwati," anatero. "Akaseka, ndiwe wanga. Akapanda kuseka, usakanipatsenso moni."

Usamayesere nthabwala pa njinga. Ine ndinalibe wina, choncho ndinkalankhula ndi matayala, koma tayala silikuuza kuti apa wabowa. Mlongo wanga ankaseka chilichonse chifukwa chondimvera chisoni, ndipo kuseka kotero n'koipa kuposa tayala. Sabata inkatha ndilibe nthabwala yoti n'kuidalira.

Kenako kwa aneba kunagwa maliro. Kunabwera kalaliki wina wa ku maofesi, Mbemba wa kumpoto. Pakati pa ife a kum'mawa ndi Abemba pali chimbuya: timanyozana osakwiyirana, makamaka pamaliro. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Kalalikiyo anathira ufa m'mutu mwa mwana woyamba wa malemu, n'kuima pakati pa anthu.

"Mdala uyu sanafe na matenda iyayi," anatero. "Mbewa inamukakamila pakhosi. Segulani bokosi, muona aikamo na msampha."

Anthu anaseka. Ngakhale namfedwa anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Agogo ena anamuuza kuti akawambe anyani kwawo, phwete lina. Ine ndinaima kumbuyo ndikuloweza mawu onse. Ndinaganiza kuti ngati izi zikuseketsa olira, nanga okondwa.

Ukwati unali mu holo ya tchalitchi. Akuchimuna anali alimi a fodya ochokera ku Chikomeni, atavala majekete onunkha m'sutikesi. Akwati atatuluka, bambo wa masipika anandipatsa maikolofoni.

"Akuchimuna, tiuzeni chilungamo," ndinayamba. "Malowolo munapeleka mbewa zingati?"

Zii. Ndinati mwina sanamve, ndinakweza mawu. Ndinati mkwatibwi aphunziretu kukumba una, chifukwa kumene akupitako ndiwo sagula pamsika. Ndinawonjeza ya msampha ija. Mwana wina analira, ndipo ndinamumva bwinobwino.

Malume a mkwati anaimirira pang'onopang'ono, n'kufunsa m'Chitumbuka. "Mwana wa njani uyu? Ni Mubemba?"

"Yayi, adada," wina anayankha, n'kutchula mudzi wa bambo anga. "Ni wakwithu."

"Ipo wakutituka."

Kutanthauza kuti ngati ndi wakwathu, ndiye kuti akutitukwana. Malumewo anangonena zomwezo n'kukhala pansi. Maikolofoni inafa m'manja mwanga, masipika n'kuyamba rumba. Palibe anandimenya. Amayi ogawa mpunga anafika pamene ndinakhala, n'kundilumpha ngati mpando.

Tsono mva. Nthabwala ili ndi mwini wake. Mawu omwe aja, m'kamwa mwa Mbemba ndi chimbuya, m'kamwa mwa mwana wa pamudzi ndi mwano. Usabe nthabwala, osati chifukwa kuba n'kuchimwa, koma chifukwa chilolezo chake sichibeka. Usanagwire maikolofoni, funsa kuti mu holo muli ndani, ndipo iwe ndiwe ndani kwa iwo. Ya pamaliro isiye pamaliro. Yoyamba ikagwa, usaikweze mawu, anamva kale.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ankagwira ntchito limodzi ndi bambo a mkwatibwi. Anasiya kundilankhula, ndipo mlongo wanga anayamba kundisiyira chakudya pa mbaula, chovundikira, iwo akudya m'nyumba. Bambo wa masipika sindinamupatsenso moni, monga anandiuzira. Ntchito ija anaipereka kwa kalaliki wa Chibemba uja. Masiku a ukwati ankadutsa pa vaneti atakhalira sipika, anthu akuseka asanatsegule n'komwe pakamwa.

Tsiku lina anabwera ndi njinga yake yophwa tayala.

"Iwe wakudya mbewa, popa bwino," anatero.

Pa boma lonse, uyu yekha ndiye ndinali ndi ufulu womunyoza. Ndinamuuza kuti tayala silinaphulike, latopa ndi kunyamula anyani. Inali nthabwala yanga, ya pompopompo. Anaseka mpaka kugwira chishalo. Ndinayang'ana uku ndi uku. Amayi a tomato anali kukangana za malo, ndipo panalibe wina amene anamva.