Khosi la mdzukulu wanga

Uthenga unandipeza ndikukumba mbatatesi, mame asanaume. Mlamu wanga Nachisale anatulukira ndi foni m'manja: mwana wanga Esinati, wokwatiwa ku boma uja, wachira, mwana wamwamuna. Ndinavina pamzere pomwepo, khasu uko, ine uko. Mdzukulu woyamba, ine Nangondo ndakula lero, ndakula.

Pa Tsangano ndinakwera lole ya kabichi, pamwamba pa matumba, nkhuku m'khwapa. Adalaivala anati, "Agogo, nkhukuyonso ilipira." Ndinati ilipira ikadzaikira. Fumbi, mabampu, ine nyimbo njira yonse. Dzuwa lili pamutu tinafika pa tala, ndinatafuna chimanga chootcha, n'kukwera minibasi ya ku boma. Mayi wina m'menemo anayang'ana chithokomiro changa, chotupa chapakhosi chimene ndakhala nacho chiyambire utsikana, nafunsa ngati chimapweteka. Ndinati lero palibe chopweteka.

Nkhuku ndinaisiya kwa alonda pageti la chipatala. Esinati ndinam'peza pabedi, m'manja mulibe kanthu. Anesi ananditengera kuchipinda china. Mwana anali m'kabokosi kagalasi, timapaipi m'mphuno, mutu utapendekera kumbuyo. Pakhosi pake panali chotupa ngati changa, chikum'kanikiza pammero. Ankapuma ngati akukoka ndowa m'chitsime chakuya.

"Ndam'patsira ine?"

Anesi anati, "Ayi, mayi. Mwana wanu ankamwa madontho a mankhwala a ayodini tsiku ndi tsiku ali woyembekezera. Ayodini akachepa khosi limatupa, akachulukitsa limatupanso. Wa mumchere uja amakwana."

Ndinabwerera kwa Esinati. Anati botolo ankagula pamsika, n'kumathira m'tiyi m'mawa ndi madzulo.

"Osandiuza bwanji, mwanawe?"

"Ndikanayambira pati, amayi? Kusukulu ankandinena kuti amako anameza dzungu. Sindinkafuna wanga adzakhale ndi khosi ngati lanu."

Ndinakoka mpango, ndinaphimba khosi. Anesi anati mawa ambulansi im'tengera mdzukulu wanga ku chipatala chachikulu. Nditafunsa ngati akafike akupuma, anangokonza bulangete.

Dzuwa litapendeka lole ina inatsitsa anthu a kwathu pageti, asanamve za vuto la mwanayo. Wokawauza ndinali ine. Ndinaima pakhonde, iwo akubwera akuseka: Nachisale ndi ufa pamutu, achimwene anga aFilipo ndi mtolo wa nkhuni, Namoyo wa kukwaya, Nagama ndi sopo, aYusufu a pagolosale ndi shuga, ndi mng'ono wanga Rozina, shawelo yoyera ili paphewa.