Loweruka Limene Pagolo Panalibe Amayi

Pachitseko cha filiji yathu panali pepala lomata ndi maginito, ndipo chisanu chonse cha chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pepala limenelo ndilo linkalamula m'nyumba mwathu. Linali ndandanda ya masewero a hoke a timu ya pa yunivesite imene Amayi ankaphunzira kuno ku Perth, kunja kwa Malawi. Mzere uliwonse unali ndi tsiku, ola ndi bwalo. Masewero akatha, Amayi ankadula mzerewo ndi bolopeni yofiira, ine n'kumawerenga yotsala ngati wodwala amene akuwerenga mapiritsi ake.

Tinkakhala awiri m'kafulati kakang'ono, pakuti Bambo anali adakali ku Lilongwe kudikira mapepala. Loweruka lililonse Amayi ankalawirira kumsika waukulu wa ku Canning Vale kukalongedza ndiwo zamasamba m'makatoni, ine n'kundisiya kwa Anti Mwape, mayi wa ku Zambia wa khomo loyandikana nafe. Koma Anti Mwape nawo ankanyamuka cha m'ma 10 koloko kupita kuntchito kulesitilanti ina ku Northbridge, choncho masana kunalibe wondisunga. Kumene kwapita Amayi, ndiko kunkapita ine. Hoke, masewero omenya kampira ndi ndodo, Amayi anaiphunzira ali kusekondale ku Blantyre, ndipo anali wapagolo. Azimayi a kutchalitchi ankawafunsa kuti munthu wa mabuku, ntchito ndi mwana angafunenso zothamangitsana ndi kampira chifukwa chiyani. Iwo ankangoseka n'kunena kuti walira mvula walira matope. Koma ine ndinkaona chimene chinkachitika akabweza mpira. Anzawo onse ankafuula dzina lawo loyamba, dzina limene ine ndinkaopa kulitchula, ndipo m'kati mwa chipewa chachitsulo cha wapagolo mano awo ankaoneka onse.

Matopewo analipodi. Chisanu cha ku Perth chimabwera pamodzi ndi mvula, ngati chiperoni chimene chaiwala kubwerera kwawo. Ndipo amene ankalemba ndandanda ija sankawerengera anthu oyenda pabasi. Sabata ino masewero ali Loweruka 1 koloko kumpoto, kupitirira Malaga. Sabata yamawa ali Lamulungu m'mawa, nthawi ya mapemphero. Sabata inayo ali 5 koloko madzulo kutsidya kwa mtsinje. Matimu akuluakulu ndiwo ankasankhiridwa maola abwino, ife a m'munsi tinkatola zotsala. Chikwama cha zovala za wapagolo chinali chachikulu moti ndikanatha kugonamo, ndipo tinkachikoka kuchoka pabasi kupita pasitima, kuchoka pasitima kupita pabasi ina, gudumu limodzi likulira. Ntchito yanga inali kudula malalanje odya pakati pa masewero, ndi kuyanika zotchinga miyendo pakhonde tikabwerako. Sizinkauma. Fungo lake, la thukuta, nguwi ndi mafuta otikitira minofu, linalowerera m'makatani, m'makope anga, ngakhale mu buledi.

Ochemerera tinalipo atatu: ine, bambo wina wokalamba dzina lake Don amene mwana wake ankasewera kutsogolo, ndi galu wake. A Don ankabwera ndi tiyi m'fulasiki n'kumandithirira m'chivundikiro. Ndikatopa kuonera, ndinkajambula phada pasimenti ndi kamwala n'kumadumpha ndekha kuti zala zakumapazi zisaume. Bwalo linali la kapeti wobiriwira amene ankamuthira madzi masewero asanayambe, ngakhale mvula ikugwa, ndipo Amayi ankati ili ndi dziko lokhalo limene anthu amathirira chinthu chosamera. Miyezi ikamapita, timu inkachepa. Ena anali ndi mayeso, ena asinthidwa mashifiti, wina anathyoka chala. Masiku ena ankalowa m'bwalo osakwana, opanda wolowa m'malo mwa mnzake. Komabe anapirira, ndipo pofika mzere womaliza anangofunika kupambana kamodzi kuti alowe m'ndime ya matimu anayi. Anzawo a Amayi anasangalala. Ine ndinangomva kuti mizere iwonjezeka.

Sabata imeneyo ndi imene Emily, mnzanga wa m'kalasi, anandiitana kuphwando la tsiku lake lobadwa. Chibwerereni ku Perth, palibe anali atandiitanapo kulikonse. Phwandolo linali Loweruka 11 koloko m'mawa, kumalo kumene ana amadumpha pa nsalu zotamuka, ndipo masewero anali 3 koloko masana. Amayi anawerengera mabasi n'kunena kuti zitheka, tidzanyamula chikwama n'kuchokera komweko. Tinagula mphatso, bokosi la makrayoni, ndipo ndinalikulunga ndekha kawiri chifukwa koyamba linaoneka loipa.

Lachisanu masana tili m'basi, ndinkasewera gemu pafoni ya Amayi, iwo akuodzera atatsamira zenera. Ndipamene unalowa uthenga wa Kerri, kaputeni wa timu. Unati bwalo lija alipereka kwa timu yaikulu, masewero athu awasunthira 11 koloko m'mawa kubwalo lina. Ndinauwerenga katatu. Ndinayang'ana Amayi, pakamwa pawo pali pululu, manja awo atasweka ndi madzi ozizira a kumsika. Sindinaganize za timu, kapena za a Don ndi galu wawo. Ndinaganiza za makrayoni aja. Ndinaufufuta uthengawo, n'kupitiriza gemu, koma ndinaluza nthawi yomweyo.

Kuphwando kuja kunali phokoso la ana ndi fungo la tchipisi ndi masokosi. Ine anandiperekeza Anti Mwape popita kulesitilanti, ndipo Amayi anafika molunjika kuchokera kuntchito, anaimika chikwama chachikulu pakona, anapereka moni kwa makolo a Emily, n'kukhala pampando wapulasitiki. Pasanathe mphindi khumi anali atatseka maso. Ine ndinadumpha mpaka thukuta, koma nditabwera kudzamwa madzi ndinamva foni ikulira m'kachikwama kawo ka m'manja, pansi pa mpando. Inasiya, n'kuyambanso. Ndinakankha kachikwamako ndi phazi mpaka pansi pa tebulo pamene panali mulu wa majekete, ndipo ndinabwerera kokadumpha. Keke itabwera sindinaimve kukoma. Inkangozungulira m'kamwa ngati thonje.

Cha m'ma 1 koloko Amayi anadzuka, anatola kachikwama kaja, n'kuyang'ana foni kwa nthawi yaitali. Anatuluka panja. Kudzera pagalasi ndinawaona ataima pansi pa denga la pokwerera basi, dzanja lina pachiuno, akugwedeza mutu n'kumapepesa. Timu inali itasewera yopanda wapagolo, ndipo anaichinya zigoli zisanu. Nyengo ya hoke inathera pomwepo. Atabwera anangoti, "Vala jekete, tizipita." M'basi ndinadikira kuti andifunse. Ndinali nditakonzeratu bodza, m'Chingerezi, chifukwa ndimo mabodza anga ankatulukira bwino. Koma sanafunse kanthu. Anagwira chikwama chija ndi mawondo kuti chisagwe pokhota, maso ali panja. Titafika kunyumba anachotsa pepala lija pafiliji, osadula mzere womaliza, n'kulipinda.

Lachiwiri anapita kukabweza zovala za wapagolo, pakuti zinali za timu, ndipo ananditenga. Ndinawamva akuuza Kerri kuti vuto linali lawo, sanayang'ane foni. Kerri anati palibe kanthu, koma nkhope yake inali youma. A Don analipo, atabwera kudzatenga mwana wawo, ndipo anandisisita mutu n'kunena kuti tidzaonana chaka chamawa. Ndinalakalaka akanandimenya. Chaka chotsatiracho Amayi anali kalikiliki kulemba kafukufuku wawo, Bambo anabwera, kenaka kunabadwa mlongo wanga. Sanavalenso chipewa chachitsulo chija.

Ndinasenza nkhaniyi ndekha mpaka nditakula. Ndinadzaulula tsiku lina tikusenda mbatata kukhitchini kwawo, ine ndili kale pantchito, ndipo ndinayesetsa kuinena m'Chichewa kuti imveke kuti ikuchokera pansi pa mtima. Amayi sanasiye kusenda.

"Za uthengawo ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Foni sifufuta yokha."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandikalipire.

"Ndikanakukalipira bwanji, mwanawe? Foni ija ndinaimva ikulira. Kanayi konse. Ndinadziwa kuti ndi a hoke, chifukwa Loweruka palibenso wina ankandiimbira. Ndinati ndidzuke, thupi linakana. Ndinati mphindi imodzi yokha. Ndinakumva ukukankha chikwama, ndipo ndinatseka maso kwambiri."

Anatsuka mpeni n'kuupukuta pachitenje. Kenaka ananena kuti chimene chimawapwetekabe si zigoli zisanu zija ayi, koma kuti atsikana aja anaima m'mvula kuyang'ana kugeti.

Sindinganene kuti mawu amenewo anandimasula. Uthenga ndinafufuta ndine, ndipo Amayi anataya malo okhawo m'mzinda uno kumene anthu ankawadziwa osati ngati mayi wa mwana kapena wolongedza kabichi. Koma ndinamvetsa chinthu chimene mwana sangachione. Ndinkaganiza kuti m'nyumba muja wotopa ndinali ine ndekha, wokokedwa m'mabasi ndi munthu wosatopa. Chonsecho amene ankandikokayo anali atafika kale pothera, ndipo panalibe womufunsa. Lero ndikaona mayi akuodzera pasiteshoni, mwana pambali pake ndi chikwama chamasewero pamiyendo, ndimachepetsa mawu ndikamadutsa, ndipo sitima yake ikafika ndimamugwira paphewa pang'onopang'ono.