Kansalu Pansi pa Ndodo ya Nagi

Inu amene mwatsala pang'ono kusiya chimene munayamba, ndi inunso amene mwatopa kudikira munthu wina kuti akhwime, ndikuuzeni za Nagi Mitwalli.

Tsiku limene ndinamuona koyamba, bwalo lonse linkamutukwana.

Kunali mu tauni yakwathu ya Zagazig, pa masewero omaliza a chikho cha hoke, mpira uja womenya ndi ndodo. Timu yathu ya Sawaki inali kumbuyo ndi chigoli chimodzi, nthawi itatsala pang'ono kutha, ndipo woyimbira anatipatsa kona yaifupi. Kona yaifupi ndi ntchito ya anthu atatu. Woyamba amakankha mpira kuchokera pamzere wa golo, wachiwiri amagoneka ndodo pansi n'kuuimitsa, wachitatu amaumenya. Wachitatuyo ndi amene amatuluka m'nyuzipepala. Wachiwiri dzina lake limamveka pokhapokha akalakwitsa.

Nagi anali wachiwiriyo, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mpira unabwera bwinobwino, osakhota, osadumpha, n'kudutsa pansi pa ndodo yake ngati khoswe wothawira kuuna. Womenya anamenya mphepo. Chikho chinakwera basi ya alendo.

Aka sikanali koyamba, choncho dzina anali atamupatsa kale. Ankamutcha Sefa. Bambo wina amene anakhala pafupi nane analavula makoko a nthanga n'kunena kuti, "Ameneyu ngakhale ngamila itha kudutsa pansi pa ndodo yake, katundu ali pamsana."

Ine ndinali nditangobwera kumene, nditatha zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikugulitsa mankhwala ku Ulaya. Bwalo laudzu limene tinkasewerapo tili anyamata ndinalipeza litamera nyumba zosanja. Mitengo ya m'mbali mwa ngalande anali ataidula. Hoke ankasewerera pa kapeti wobiriwira, amene amamuthirira madzi ngati dimba koma osabala kanthu. Choipa koposa, ndinapeza anthu akwathu ataphunzira phuma. Kale tinkadziwa kudikira thonje, kudikira sitima, kudikira tsiku lathu la madzi a m'ngalande. Tsopano aliyense ankafuna kudya lero mango a mtengo wobzala dzulo.

Chimene ndinachipeza mmene ndinachisiyira chinali chimodzi chokha: Sobhi, mnzanga wa paubwana, wouma mutu ngati kale. Iye ndi amene anali mphunzitsi wa timu, ndipo tauni yonse inkamutcha Kaputeni.

Mawa lake wapampando wa kalabu, Hagi Abdel-Ati, anamuitana. Sobhi ananditenga, akuti pakhale wina womugwira dzanja akafuna kugenda munthu ndi kapu.

"Imwani tiyi, a Kaputeni," anatero Hagi. "Mnyamata uja tikumumasula. Ndalankhula ndi anthu, pali wosewera wokhwima kale amene atha kubwera mwezi wamawa."

"Wokhwima kaleyo anamukhwimitsa ndani, Hagi?"

"Si nkhani yanga imeneyo. Ine ndikamagula nkhuku sindifunsa amene anafungatira dzira."

"Mpatseni zaka zinayi."

"Zaka zinayi? Mukuphunzitsa dokotala kodi? Ntchito yake n'kugoneka ndodo pansi basi. Ngakhale apongozi anga atha kuigwira, iwo aja sadutsitsa kanthu pakhomo pawo."

Sobhi sanaseke. Anaika kapu pansi mwaulemu.

"Mulembereni kontirakiti ya zaka zinayi. Timu ikapanda kutenga chikho m'zaka ziwiri, muchotse ine. Sindidzatsutsa, sindidzapita kunyuzipepala. Koma mwanayo musamukhudze."

Hagi ankafuna kale kumuchotsa Sobhi, kungoti ankaopa ochemerera. Sindinaonepo munthu wonenepa akupeza cholembera msanga chonchija.

Titatuluka ndinamuuza maganizo anga. "Wapenga iwe. Ntchito ya moyo wako wonse waipereka chifukwa cha sefa?"

"Iwe unapita ku Ulaya kukawerenga mabuku, maso unasiya kuno," anandiyankha. "Tiye ukawatenge."

Ananditengera kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene Nagi anakulira. Bambo ake ankanyamula katundu pasiteshonipo, ndipo anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amake ankakazinga tizitumbuwa ta nyemba totchedwa taamiya pakona, n'kumagulitsa m'buledi kwa anthu othamangira sitima. Kumbuyo kwa kabenchi kawo kunali kabwalo kadothi, kodzaza miyala ndi zidutswa za njerwa, kamene ana a kumeneko amasewerapo ndi ndodo zomanga ndi waya.

"Usayang'ane ana," anatero Sobhi. "Yang'ana mpira."

Ndinauyang'ana. Sunkayenda, unkajowajowa ngati chule.

"Pano mpira ukamafika pa iwe umadumpha, nthawi zonse. Mwana wokulira pano amatukula ndodo pang'ono, zala ziwiri zokha, kuti akumane nawo m'mwamba. Nagi wachita zimenezo zaka khumi, ndipo pabwalo ili panalibe womuposa. Koma pa kapeti wonyowa mpira sudumpha. Iye akudikirabe kudumpha kumene sikubwera. Mutu wake ukudziwa, manja ndi amene uthenga sunawafike."

"Ndiye uwauze manjawo."

"Manja ndi ogontha. Amamva ukawabwerezera kwa zaka."

Nagi tinamupeza pa kabenchi ka amake, akukulunga buledi m'mapepala, nkhope itayang'ana pansi.

"A Kaputeni, ine ndasiya," anatero. "Msuweni wanga wandipezera tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu, yoti ndizinyamula anthu."

"Tukutukuyo ili ndi mabuleki?"

"Ili nawo."

"Ndiye iwe wolephera kuimitsa kampira kokwana m'dzanja, ukaimitsa tukutuku? Utiphera anthu, mwana wanga. Loweruka ukangotha kupemphera swala ya m'mawa, undipeze kubwalo."

Amake Nagi sanatembenuke n'komwe pa mafuta awo. "Mutengeni, a Kaputeni. Kuno akungondidyera phindu." Anatero moseka. Koma tsiku limenelo makasitomala atatu anali atawafunsa ngati akugulitsanso masefa.

Lowerukalo Sobhi anabwera ndi kansalu kakang'ono, kotalika ngati mkono, kong'amba ku thumba la thonje. Anakaika pansi pa ndodo ya Nagi, n'kugwada pa kapeti wonyowayo atagwira nsonga yake. Mpira ukamafika, iye ankakoka. Kansalu kakasolola, ndiye kuti ndodo yatukuka. Tsiku loyamba wosewera mnzake anakankhira Nagi mipira mazana awiri, ndipo kansalu kanakana kusolola kasanu ndi kawiri kokha.

"Tizichita zimenezi mpaka liti, a Kaputeni?"

"Mpaka kadzang'ambike."

Ganizirani bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, mawondo otupa, akugwada m'madzi m'mawa uliwonse, m'nkhungu ya Januwale, pamaso pa mwana amene tauni yonse inamutaya. Podzuka ankachita kugwirira ndodo ya mwana yemweyo.

Koma chovuta kwenikweni sichinali m'mawa. Sobhi anakana kumubisa Nagi pabenchi. Masewero aliwonse, kona yaifupi ikaperekedwa, woimitsa anali Nagi. Osewera akuluakulu anadandaula, ndipo womenya, Ghareeb, anafika pomuuza mphunzitsi pamaso kuti, "A Kaputeni, ine ndili ndi ana. Zigoli zanga zikuthera pansi pa ndodo ya mwana uyu."

"Iweyo chaka chako choyamba unaswa zenera la ofesi kawiri," anayankha Sobhi. "Ofesiyo ili kumbuyo kwa golo wina."

Chaka choyamba timu inathera pa nambala yachinayi. Ochemerera ankabwera ndi masefa enieni a kukhitchini n'kumawagwedeza m'mwamba. Chaka chachiwiri Nagi ankaimitsa mipira isanu ndi itatu pa khumi iliyonse, koma anthu sawerenga zisanu ndi zitatu, amawerenga ziwiri zotsalazo. Timu inathera pa nambala yachiwiri.

Hagi anasunga mawu ake, Sobhi anasunganso ake. Potsanzikana anamupatsa wotchi yapakhoma, mphatso imene timapatsa munthu tikamulanda chochita ndi nthawi yake.

Mphunzitsi watsopano anabwera ndi woimitsa wake wogula. Nagi anakhala pabenchi, ndipo chimene chinamusunga pakalabupo chinali pepala lija basi. Sobhi sakanathanso kumuthandiza. Matenda a shuga anali atayamba kumudya maso, ndipo mawondo anali atakaniratu kugwada.

Apa ndi pamene ambiri timasiyira, ndipo palibe amene akanamunena. Nagi anapita kunyumba kwa Sobhi n'kukapempha kansalu kaja. Wokankha mpira anamupeza, mlonda wa pabwalo. Chinasowa ndi wokoka.

"Ndi ntchito yanji imeneyo?" anafunsa amake. "Kukoka nsalu? Ine ndafinya zovala zako zaka makumi awiri."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanayatse moto, mayi aja ankagwada pa kapeti ndi chovala chawo chakuda, nsapato atazisiya pamzere ngati akulowa mumzikiti. Malamulo a hoke sankawadziwa, ndipo sankafuna kuwadziwa. Ankangokoka, mopanda chifundo, kuposa mmene Kaputeni ankakokera. Kansalu kakasolola ankati, "Bambo ako ankanyamula matumba awiri paphewa limodzi, iwe kandodo kakukukanika kukagoneka?"

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa. M'mawa wina mpira unafika, mayi anakoka, n'kugwa chagada atagwira theka la kansalu. Theka linalo linatsala pansi pa ndodo.

Anadzuka, anayang'ana chidutswacho, anayang'ana mwana wawo. "Wang'amba nsalu ya eni ake," anatero, n'kupita kukayatsa moto.

Pakati pa chaka chachitatu woimitsa wogula uja anapeza kalabu ina kunja n'kunyamuka osatsanzika. Wogula ndi choncho, amadziwa njira ya kumsika. Mphunzitsi watsopanoyo anayang'ana pabenchi n'kupeza Nagi yekha.

Ndipo panachitika chodabwitsa: palibe amene anamuona. Makona anayamba kulowa. Nyuzipepala zinalemba kuti Ghareeb wabwerera paunyamata. Masefa anabwerera kukhitchini limodzilimodzi, ndipo dzina lija linafa popanda maliro. Pa ntchito ya woimitsa ulemu waukulu ndi umenewo, kuiwalika.

Chaka chachinayi, chomaliza cha kontirakiti ya Nagi, tinafikanso pa masewero omaliza a chikho. Ndinapita kukamutenga Sobhi. Pa nthawiyi ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Ndinamukhazika m'munsi, pafupi ndi waya, moyang'anana ndi golo wa alendo.

Zigoli zinali zofanana, zitatsala mphindi zinayi, pamene tinapatsidwa kona yaifupi. Bwalo linati zii. Sobhi anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

Wokankha anakankha. Nagi anagoneka ndodo. Mpira umene unkathamanga ngati wothawa moto unafika n'kuima, osagwedezeka, ngati unali pomwepo chilengedwere dziko. Ghareeb anamenya, thabwa la kumbuyo kwa golo linalira.

Anthu atadzuka ndi phokoso, ndinawerama kuti ndimufotokozere.

"Khala chete," anatero. "Ndamva."

"Wamva chiyani iwe, sukuona?"

"Ndamva kukankha, ndamva thabwa. Pakati sindinamve kanthu. Mpira ukagunda ndodo yosakhazikika umati kho. Uwu wangofika n'kugona."

Misozi inkatsika m'maso aja amene sankaonanso, ndipo sanaipukute.

Ine ndawerenga mbiri za anthu otchuka m'zilankhulo zitatu. Ndaima pansi pa nyumba zimene anthu amakwerera ndege kukaziona. Koma chinthu chachikulu koposa chimene ndinakumana nacho pa moyo wanga chinali kachetechete kameneko, kafupi kuposa kuphethira kwa diso, kamene kanadya zaka zinayi, ntchito ya munthu mmodzi ndi mawondo a anthu awiri. Ndinali nditaweruza kale kuti kwathu kunatha. Tsiku limenelo ndinachita manyazi.

Masewero atatha, anthu ananyamula Ghareeb pamapewa. Hagi Abdel-Ati anauza atolankhani kuti kalabu yake imakhulupirira achinyamata. Nagi anadutsa pakati pa chikhamucho popanda womuimitsa, anafika pa waya, anawerama n'kupsompsona Sobhi pamutu.

"A Kaputeni, ndachita bwanji?"

Sobhi anapapasa mpaka anapeza manja ake, n'kuwagwira nthawi yaitali.

"Phazi lakumanzere unaliponda mochedwa."

"Mwaziona bwanji zimenezo?"

"Sindinazione. Koma uli ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, mwana wanga. Sunayambe n'komwe."

Sabata yomweyo kalabu inamulembera Nagi kontirakiti ina, popanda womupemphera.

Tsono iwe amene akukuseka lero, mwina si kuti ndiwe wolephera. Mwina manja ako anaphunzira bwino kwambiri pa bwalo la miyala, ndipo akufunika nthawi kuti akhulupirire kuti pansi pasalala. Apatse nthawiyo. Bwerera mawa, ubwererenso mkuja.

Ndipo iwe amene uli ndi mwana, wophunzira kapena wantchito amene akuchedwa kupsa, usanamutaye pita ukaone kumene anachokera. Mwina chipatso chake sudzachidya iwe, mwinanso sudzachiona ndi maso. Gwada basi.

Nonse awiri, musataye mtima. Chokhwima msanga chimawolanso msanga.