Ukonde Umene Bambo Anawotcha

Lero pamsika wa Cuamba fungo la mlamba wowamba landibwezera kwathu kunyanja ya Amaramba. Bambo anga anali msodzi. Atabwerako ku ntchito ya njanji, kumene mnzawo anawaphunzitsa za chipembedzo cha Buda chimene chimati wakufa amabadwanso ngati chamoyo china, anawotcha ukonde wawo.

"Chamoyo chilichonse chinakhalapo mayi wa munthu," anatero. "Sindidzaphanso."

Mayi anali atangomwalira kumene, ndiye ine ndinkaganiza kuti asanduka nsomba m'nyanjamo. Ndinkagwada m'matope onunkha pakati pa bango, n'kumaitana nsomba iliyonse kuti, "Amayi!"

Bambo ankangokhala pamphasa ali chitsinzinire, mng'ono wanga Rosa akulira ndi njala mpaka tsitsi lake kufiira. Rosa sanafike nyengo yokolola.

Nsomba zonse za m'nyanja ija bambo anazimvera chisoni, koma ife ana awo ayi.