Dengu la tiyi lomwe linakayeza kamba ku Pebane

Tinanyamuka pa Luchenza Lachisanu m'mamawa, ine ndi bambo anga, iwo atabereka dengu lawo lothyolera tiyi, lopanda kanthu. Ku esiteti kwathu ku Thyolo anthu akhala akuwaseka kwa zaka, mpaka kuwapatsa dzina loti a Kamba, chifukwa bambowo amati malemu bambo awo, amene anachokera ku Mozambique, anaonako kamba wa m'nyanja yamchere wamkulu kuposa dengu la tiyi. Akapitawo ndiwo ankatsogolera chisekocho.

Kondakitala wa minibasi ya ku Muloza anafuna kuti dengulo tililipirire mpando. "Ameneyu ndi mwana, ndimufukata," bambo anatero, ndipo analifukatadi mpaka pa boda.

Akabaza atatitula ku Milange, Chingerezi changa cha kusukulu chinathera pomwepo. Chilomwe cha bambo ndicho chinatigulira mabanzi n'kutipezera galimoto ya ku Mocuba, komwe tinagona. M'mawa mwake tinakwera lole, ndipo pofika ku Pebane fumbi linali litatifiiritsa ngati njerwa.

Zilumba za kumeneko n'zotetezedwa: kamba saphedwa, mazira ake safukulidwa. Mlonda amene anatikweza boti Lamlungu analiyang'ana dengu lija mokayikira.

"Madala, kuno sitinyamula kamba."

"Sindinabwerere kunyamula, mwanawe. Ndadzayeza."

Dzuwa linafika paliwombo tisanaone kanthu, ine ndili kalikiliki kubweza chinangwa cha m'mawa. Ndinachita mantha kuti tikabwerera chimanjamanja, bambo adzapita kumanda ndi dzina la bodza. Iwo ankangoyang'ana pamadzi, dengu lili pamiyendo.

Kenaka mlonda anazimitsa injini n'kuloza. Pambali pa boti panatumphuka mutu wa kamba, n'kupuma kuti fuu, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Bambo anatambasulira dengu pamwamba pa madzi, osamukhudza. Chigoba chinatsalira mbali zonse! Ndinajambula pafoni ndikukuwa ndi chimwemwe, mseru utathawa.

"Bambo, akapitawo akaona chithunzichi asowa pogwira!"

Iwo sanaseke. Anapukuta maso ndi chipewa. "Akapitawo asiye. Ndi ine ndemwe amene ndinayamba kukayika. Bambo anga sanandinamize."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti sitinayendere anthu a ku esiteti. Dengu lija linabwerera m'munda wa tiyi, ndipo masiku ano wina akaitana kuti "a Kamba!", bambo amayankha mokweza, mzere wonse n'kumva: "Ndine pano!"